Mwana Wotulukira pa Wailesi

Sonkhezani motowo, anzanga, ndipo amene foni yake ikuimba aizimitse kaye. Nkhani iyi siifuna phokoso lina pambali pake.

Inali nyengo yachisanu, pamene nkhungu ya pa Lizulu imatsika m'mapiri dzuwa likadalipo n'kudzakhala pamsika ngati nayonso ikufuna kabichi. Mkazi wanga Elube anali atangobwera kumene kuchokera kuchipatala ndi mwana wathu woyamba, wamkazi. Monga mwa mwambo, awiriwo analowa m'chikuta. Chitseko cha kuchipinda chinatsekedwa, ndipo mwanayo sakanatuluka, sakanatchulidwa dzina, sakananyamulidwa ndi mwamuna, kufikira mchombo utagwa. Ine ndinkagona pabalaza. Mwana wanga ndinkamudziwa ndi makutu okha. Masana ndinkasenza kabichi pamsika, ndipo ndikaweruka kusukulu ya madzulo ndinkakhala pansi, msana kukhoma, n'kumamumvera akulira kuseri kwa njerwa. Ankalira mokalipa, ngati munthu amene amulanda malo pamzere wa kuchigayo, ndipo ine ndinkangoseka ndekha.

Oyang'anira chikutacho anali azakhali ake a Elube, aNangozo, ogulitsa tomato pamsewu. Mayi amenewa akamanenerera malonda, a kutsidya kwa msewu ku Mozambiki amatsitsa nawo mtengo.

Ndiye panali mlamu wanga Zondiwe, mlongo wake wa Elube. Anali ndi kashopu koikira anthu nyimbo m'mafoni, koma mtima wake unali pa nyimbo zakezake. Sizinali za gitala kapena za ng'oma ayi. Ankayenda ndi foni akutola kulira kwa zinthu: mvula padenga la malata, chigayo chikamazima, belu la njinga, mawaya a magetsi mphepo ikamawaomba. Akafika pa kompyuta yake yakale ankazikoka, kuzitembenuza, kuzisanjikiza, mpaka chotulukacho osachizindikiranso.

"Alamu, izi ndi nyimbo za mawa," ankatero.

"Ndiye tidzamvera mawa lomwelo," ndinkamuyankha.

Pa wailesi ya m'dera lathu panali pologalamu ya madzulo aliwonse imene muulutsi wake, a Kachigamba, ankaika nyimbo imodzi yatsopano, kenako omvera n'kumaimba foni kunena maganizo awo. Tsiku lina chakumadzulo Zondiwe anatulukira ndi wailesi kukhwapa, mano onse pamtunda.

"Lero ndi lero, alamu. Yanga yalowa. Dzina lake Nkhungu."

Tinakhala pakhonde. Nyimboyo inayamba ndi madontho a mvula, apa ndi apo, ngati mvulayo ikuganizaganiza. Pansi pake chigayo chinkapuma pang'onopang'ono ngati ng'ombe yogona. Kenako panatuluka mawu ena aatali, oonda, okwera n'kutsika, osati a chitoliro, osatinso a munthu. Ndinamva ngati khonde lanyamuka ndipo tikuyandama nalo pamwamba pa minda ya mbatatesi. Itatha, ndinapeza manja anga atapindika pachifuwa, ngati ndanyamula kanthu.

Mafoni anayamba kulira.

"Ndine Chimbalanga kuno ku Biriwiri. A Kachigamba, ine wailesi yanga ndaimenya makofi, ndimayesa yaonongeka. Mundigulira ina."

"Ife kuno ku Masasa tinaimirira kuti tivine," anatero mnyamata wina. "Miyendo yangokhala kudikira ng'oma mpaka nyimbo yatha. Amwene, ng'omayo munaiwala kunyumba?"

Wotsatira tinamumva kawiri, pa wailesi ndi kuseri kwa nyumba yathu komwe. "Ndine Nangozo wa tomato. Mnyamata wopanga nyimboyi ndinamusambitsa ndine, ndiye ndinena mosaopa. Muuzeni akalime. Ngakhale achule a m'dambo amadziwa poyambira ndi pothera."

Zondiwe anagwira mutu, ine ndikugubuduka ndi phwete.

Koma anaimbanso bambo wina wa ku Tsangano, wolankhula mofatsa. "Ine ndaikonda. Ndinali ngati ndikuyenda m'munda wa tirigu wa malemu bambo anga, koma osaponda pansi. Sindikufuna kudziwa kuti ndi chiyani."

Womaliza anali mayi wa ku Mlangeni. Anayamba waseka, kuseka kwa manyazi. "A Kachigamba, mundikhululukire, ndinena za chizimayi. Mwana wanga wotsiriza ali ku sekondale. Koma nyimboyi ili mkati, mkaka wachucha mpaka bulauzi yanyowa. Taibwerezani ndimvetsetse."

A Kachigamba anaibwereza. Ulendo woyamba uja Elube anali m'tulo. Ulendo uno, mawu aatali aja atangoyamba, ndinamva iye akuitana kuseri kwa chitseko.

"Bambo a mwana, zimitsani. Amene akulira m'nyimbomo ndi mwana wanga."

Zondiwe sanakane. Anati m'mawa wina anaika foni pawindo la chipindacho, n'kutola kulira kwa mwanayo, ndipo anakukoka mpaka kunatalika ngati ulusi. "Ndimati ikhale mphatso yake, alamu. Akadzakula adzamve kuti anaimba pa wailesi asanaone n'komwe dzuwa."

ANangozo anali ataima pakona ya nyumba, foni ikadali m'manja. Kanali koyamba kuwamva akulankhula motsitsa.

"Mwana wa m'chikuta sanakhale wathu, Zondiwe. Ali pakhomo, mwendo kuno, mwendo uko. N'chifukwa chake timatseka chitseko. Iwe wamutulutsira pawindo, wopanda dzina, wopanda mkuzi m'chiuno, n'kumumwaza dziko lonse. Aliyense womufuna angomutola."

Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, ndipo n'zimene zinandiopsa nditadzuka. Palibe chimene chinandidzutsa.

"Akulira," anatero Elube kuseri kwa chitseko kutacha. "Nkhope wakwinya, kukamwa watsegula, timanja akuponya. Koma sakumveka."

Ndinathamangira alangizi a zaumoyo, mayi odziwa ntchito yawo. Analowa, anamupima, n'kutuluka akupukusa mutu. Chifuwa chinali bwino, kukhosi kunali bwino, thupi silinatenthe. Anati tionetsetse kuti akuyamwa, ndipo akasiya tithamange naye kuchipatala, chikuta kapena ayi.

Kumsika tsiku limenelo zinthu zinali ngati zili m'malo mwake, koma osati kwenikweni. Ndikusenza matumba a kabichi ndinaona mayi wogulitsa anyezi akudzigwedeza uku ndi uku, kumsana kulibe mwana. Patsogolo pake bambo wokonza nsapato ankasisita bondo lake, akuti "shii, shii," maso ali kutali. Mayi wina ankadandaula kuti mbereko yake yasowa pachingwe, ndipo anakaipeza m'nyumba, yoyalidwa bwinobwino pafupi ndi wailesi, pakati pake pali kadzenje kofunda. Agalu a pamsika sanauwe tsiku lonse.

Zondiwe anafufuta nyimboyo m'foni mwake, ndipo a Kachigamba anavomera kuti saiikanso. Koma inali itapita kale. Anyamata anali ataijambula pa wailesi n'kumapatsirana m'mafoni, ena pofuna kuiseka, ena pofuna kugona nayo. Ndinaimva ikutuluka m'minibasi yopita ku Dedza, mwana wanga akukwera n'kutsika pakati pa anthu osamudziwa, mpaka minibasiyo inalowa m'nkhungu.

Madzulo ake a Kachigamba anaika nyimbo ina, ya kwaya, koma palibe amene anaimba foni kunena za kwayayo.

"Ndine Chimbalanga uja wa ku Biriwiri. Zoseka zija ndasiya. Wailesi ndazimitsa, mabatire ndachotsa, koma kamwana kakulirabe kuseri kwa kabati. Akazi anga akana kuti ndisunthe kabatiyo, akuti ndikadzutsa."

"Kuno ku Bembeke kanafika mbandakucha," anatero gogo wina. "Sitikudandaula ayi. Nyumba ino inazizira kalekale. Tangosonkha moto kuti kasamve chisanu."

Ena ankati kakumveka padenga, ena m'nkhokwe. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene ankalankhula mwamantha. Onse ankalankhula motsitsa, monga timachitira m'nyumba mukagona khanda.

Kenako inalowa foni ina. Kumbuyo kwake kunkamveka mphepo ya m'mabango ndi madzi oyenda pang'onopang'ono.

"Muli pa wailesi, mayi. Dzina lanu ndani, ndipo mukuimba kuchokera kuti?"

"Kuno kumunsi," anatero mawuwo. Anali a mayi, osakalamba, osatinso achitsikana. "Ndati ndithokoze amene watitumizira mwanayu. Kuno ana onse anabwera ali chete. Uyu yekha ndiye wabwera ndi mawu. Tamufunditsa. Musamuvutikire."

Foni inaduka. A Kachigamba anati nambala ya mayiwo sinaoneke pa makina awo, n'kuika nyimbo ya kwaya ija kachiwiri.

Ndinayang'ana aNangozo. Iwo anayang'ana kumunsi, kumene kuli dambo. Aliyense wa kuno amadziwa kuti khanda lopita lisanatuluke m'chikuta amakaliika kudambo amayi okhaokha, popanda bokosi, popanda kulira maliro. Amuna sitidziwa n'komwe malo ake enieni.

Kutacha mwanayo ankayamwa pang'ono n'kusiya. Elube anati maso ake sankayang'ananso bere kapena nkhope ya amake, koma pakona ya denga, ngati akumvera nkhani ya kutali. Ankagona nthawi yaitali, ndipo tulo take tinkamka tizama. Tinagwirizana kuti kukacha tipita naye kuchipatala. Ndinakhala tsiku lonse khutu lili pakhoma. Ndinkamva kupuma kwa Elube yekha.

Dzuwa litapendeka aNangozo anatuluka m'chipindamo atafumbata kanthu m'kansalu.

"Mchombo wagwa," anatero. "Lezala lometera ndili nalo, madzi osambitsira ndatereka, mkuzi ndapota. Koma nditulutsa ndani? M'chipindamu mwatsala chikwa chokha. Inu bambo ake, mwana anatulukira pa wailesi. Kamuitanireni komweko. Ine ndiyamba kumeta ndikamva mawu anu."

Zondiwe anandikweza pa njinga yake, kompyuta ili m'chikwama kumsana kwanga. Nkhungu inali itatseka msewu moti tinkangoona tayala lakutsogolo. Nyumba za m'mbali zinkatulukira imodziimodzi ngati ngalawa, n'kumiranso. Titafika pa kamlatho ka padambo, tinaona munthu ataima m'mphepete, atatifulatira. Anali mayi, nsalu yake yonyowa mpaka m'mawondo, mbereko ili kumsana. Ankadzigwedeza pang'onopang'ono. M'mberekomo simunkaoneka mutu kapena timiyendo, koma inali yolemera, ndipo ndinamva kamawu kochepa kamene ndikanakazindikira pakati pa ana chikwi.

"Mwaswera bwanji, bambo ake?" anatero mayiyo osatembenuka.

"Taswera, kaya inu," pakamwa panga panayankha pokha.

Ndinafuna kutsika. Zondiwe anandigwira dzanja n'kulikanikiza pamimba pake, uku akupalasa ndi mphamvu zake zonse. "Osatsika, alamu. Mukatsika apa simukafikanso ku wailesi."

A Kachigamba ndinkawayesa chimunthu chachikulu, koma anali kabambo kochepa, kovala juzi yong'ambika pachigongono. Sanafunse zambiri. Anatilowetsa m'kachipinda koulutsiramo mawu, anandikhazika pampando, n'kundisendezera chinthu cholankhulirapo chija pafupi ndi pakamwa.

"Lankhulani ngati muli pakhomo panu," anatero. "Akumva onse. Chiyambire ntchito ino sindinaone anthu akumvera chonchi."

Mawu amene ndinakonza m'njira anathawa onse. Ndinangoti:

"Ndine Yotamu, wa pa Lizulu, wosenza kabichi pamsika. Mlendo amene wagona m'nyumba zanu masiku ano ndi mwana wanga. Ine sindinamunyamulepo. Inu mwamuyalira, mwamusonkhera moto, ndipo ndikuthokoza. Koma lero mchombo wagwa, ndipo amake akumudikira ndi mkaka. Kwathu kuno mlendo sitimangomutsegulira chitseko, timamuperekeza. Ndapota nanu, tulukani naye mpaka pamsewu, mumulozere kwawo, inu mubwerere. Kuti musavutike pomutsanzika, dzina lake ndi Nthanda."

Kanali koyamba kulitchula mokweza dzinalo. Ine ndi Elube tinkangolisunga m'kamwa ngati siwiti.

Mafoni onse anakhala chete. Kenako inalira imodzi, ndipo a Kachigamba atayang'ana pa makina awo anandiyang'ana ine. Mphepo ya m'mabango inadzaza kachipindako.

"Mwamupatsa dzina," anatero mayi uja.

"Eya, mayi."

"Kuno a maina sakhala."

"Ndikudziwa, mayi. Zikomo pomufunditsa."

Madzi ankayenda.

"Nanga anawa?" anafunsa. Sanakalipe. Anafunsa ngati mayi amene ufa wamuthera alendo ali pakhomo. "Anali atayamba kutembenuka, kumvetsera. Chifikireni kuno sanamvepo kanthu. Palibe anawaimbirapo, ngakhale kuwalira."

Zondiwe ndiye anasendera, misozi ili m'masaya, n'kugwada pafupi ndi mpando wanga kuti pakamwa pake pafike.

"Amayi, nyimbo ija ndinapanga ndine. Pa kompyuta yanga yatsala ina yopanda mwana, ya mvula, chigayo ndi belu basi. Anthu kuno akuti siivinika. Itengeni imeneyo, ikhale ya anawo."

A Kachigamba analumikiza mawaya, ndipo nyimboyo inayamba. Mvula inadontha, chigayo chinapuma, belu linalira chobwerera m'mbuyo. Pamalo pamene pankakhala mawu a mwana panali mpata chabe, ndipo mumpatamo tinamva, kuchokera pa foni ija, tinthu tambirimbiri tikusuntha mofewa, ngati tianapiye tikulowa m'mapiko a make.

Itatha, a Kachigamba anafunsa monga anazolowera: "Maganizo anu, mayi?"

"Mvulayo muionjezere," anatero. "Ana amakonda mvula."

Foni inaduka.

Pobwerera sitinakwere njinga, tinkangoikankha, chifukwa msewu unali utadzaza. Anthu anali atatuluka m'nyumba zawo n'kuima m'mbali, m'nkhungu, aliyense ndi wailesi kapena foni m'manja. Panali madala ofunda mabulangete, anyamata a kabaza, atsikana ogwirana manja. Amayi ankamasula nsalu kumsana n'kumazikutumula pang'onopang'ono kulozetsa ku Lizulu. Palibe amene ankacheza ndi mnzake. Apa ndi apo tinkangomva, "Pita bwino, Nthanda," "Ukapereke moni kwa amako, Nthanda," ndipo akatero ankatembenuka n'kubwerera kwawo osacheuka. Kamphepo kofunda kankatidutsa m'miyendo, kulowera komwe tinkapita ife, kakutisiya m'mbuyo. Pa kamlatho paja sitinayang'ane kumbali. Tinangomva mvula ikudontha m'mabango, pamene kwina konse kunali kouma.

Tisanafike n'komwe pa mjigo wa kwathu, Zondiwe anaima.

"Alamu, mukumva?"

Ndinaponya chikwama pansi n'kuthamanga. Kunali kulira kosasa, kwaukali, kwa munthu amene wayenda ulendo wautali ndipo wapeza chakudya chisanapse. Anansi anali atadzaza pabwalo. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo aNangozo anatuluka atanyamula kamtolo ka nsalu, mawu awo akale atabwerera.

"Tambasulani manja, bambo inu, mukuyesa ndi thumba la kabichi? Mutu ugone apa. Eya. Nayu mlendo wanu."

Anali wopepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Kamutu kake kometedwa kumene kanali kofunda. Nditamuyandikiza kumaso ndinamva fungo la nyumba za eni: utsi wa nkhuni zimene ife sitisonkha, fodya wa gogo wina, sopo amene sitinagulepo. Kuphazi kwake kokha ndiko kunali kozizira, konyowa, kukununkha matope.

Ankalira mpaka kankhope kufiira. Ndinayamba kumugwedeza, ndikuti "shii, shii, mama," koma Elube, amene anali atatsamira pachitseko, anandigwira mkono.

"Musamutonthoze, bambo a Nthanda," anatero. "Musiyeni alire."